Nsomba zozungulira m'madamu a ku Chifunde: mmene tinapezera kachilombo kamene Aeromonas anakaphimba

Lipoti ili ndalembera anzanga a m'malabotale ang'onoang'ono ndi alangizi a ulimi wa nsomba m'chigawo cha Tete. Likukamba za kalabu ya amayi ya m'boma la Chifunde imene nsomba zake zinayamba kufa m'chilimwe, ndiponso za yankho loyamba la labotale limene linali loona koma silinathandize. Aeromonas, bakiteriya wa m'madzi amene labotale inamutchula, analimodi m'nsomba zimene zinayezedwa. Wopha nsombazo anali wina, ndipo njira imene inatsatidwa poyamba sinamupatse mpata woti aoneke.

Mmene zinayambira

Kalabuyo ili ndi madamu atatu okumba ndi makasu, ondondozana m'dambo. Madzi amachokera ku kamtsinje kamene kamakathira mu Luia. Amalowa damu lakumtunda, n'kusefukira lapakati, kenako lakumunsi. Panalibe damu limene kuya kwake kunkafika mita imodzi, ndipo pofika Okutobala madzi olowa anali atachepa kwambiri. Ankaweta pende (tilapia), mtundu wa Oreochromis niloticus, kuzidyetsa madeya ndi kuthira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire. Mu Seputembala anagula tiana ta nsomba kwa munthu woyenda nato m'migolo, n'kutithira tsiku lomwelo m'damu lakumtunda, momwe munali kale nsomba zazikulu zodikira Khirisimasi.

Patapita milungu ingapo nsomba zinayamba kuyandama, poyamba kumtunda, kenako pakati. Mlangizi wa m'deralo anatola zakufa zimene anazipeza m'mawa, anazikulunga m'pulasitiki n'kuzitumiza pa shapa ku Tete. Zinafika mawa lake zitafufuma. Labotale imene inazilandira ndi yozolowera masampulo a anthu. Anapaka thonje pamalo ofiira a pakhungu ndi m'madzi a m'mimba, anadzala pa mbale zomeretsera mabakiteriya za blood agar ndi MacConkey, n'kuika pa madigiri 37 usiku umodzi. Kutacha mbale zinali zitadzaza makoloni (milu ya mabakiteriya) aakulu osungunula magazi. Gram, utoto wosiyanitsa mabakiteriya ofiira (Gram-negative) ndi apepo (Gram-positive), inaonetsa mabakiteriya onga timitengo tofiira, choyeza cha oxidase chinasanduka chapepo m'masekondi ochepa, ndipo khadi lozindikirira mabakiteriya la API 20E linapereka dzina la Aeromonas hydrophila. Amayi aja atamva kuti ndi bakiteriya anasonkherana ndalama, anagula ufa wa oxytetracycline wa nkhuku n'kumauthira m'madzi. Nsomba sizinasiye kufa, ndipo matenda anafika damu lachitatu.

Labotale ija inawerenga molondola zimene zinamera. Chimene chinasokeretsa ndi sampulo. Aeromonas amakhala m'madzi a damu lililonse, m'matope, ndi m'matumbo a nsomba zathanzi zomwe. Nsomba ikafa, ndi kutentha kwa kunoku, pamangopita maola ochepa iye n'kutuluka m'matumbo kufalikira thupi lonse. Amameranso msanga pa madigiri 37, moti amaphimba aliyense wochedwa kumera. Amatha ndithu kupha nsomba payekha, makamaka zikapanikizika, koma kumupeza m'nsomba yofufuma ya dzulo si umboni woti ndiye waipha.

Nkhaniyi inafika kwa ine kudzera mwa mlangizi uja, amene ankafunsa ngati pali mankhwala amphamvu kuposa oxytetracycline. Ndinapempha kulankhula pafoni ndi wapampando wa kalabu, mayi wachikulire amene ndiye ankadyetsa nsomba m'mawa uliwonse.

"Amayi, tandiuzeni, zisanafe zimatani?"

"Mwanangu, zimayamba zasiya kudya. Kenako zimabwera pamwamba n'kumazungulirazungulira malo amodzi, zina chagada, zina zitapindika. Diso limatuluka, limachita kuyera. Ndipo zikufazo ndi zikuluzikulu, zomwe timadalira. Tating'ono tija tili bwinobwino."

Palibe amene anali atawafunsa funso limeneli, chonsecho yankho lawo ndi limene linasintha ntchito yonse. Matenda a Aeromonas amaonekera kwambiri pa zilonda, kufiira kwa pamimba ndi m'tsinde mwa zipsepse, ndi madzi m'mimba. Nsomba yozungulira, yopindika, ya diso lotuluka ndi loyera ikuloza ku ubongo. Pa tilapia, madzi atatentha, zazikulu n'kumafa zazing'ono zili moyo, oyamba kuwaganizira ndi Streptococcus agalactiae, Streptococcus iniae ndi Lactococcus garvieae. Sali kutali ndi ife: S. agalactiae ndi L. garvieae anapezeka kale mu tilapia ya m'makhola a pa nyanja ya Kariba ku Zambia, pa Zambezi yemweyu amene amatsikira ku Cahora Bassa.

Ntchito ya pa damu

Tinagwirizana kuti ulendo uno mbale zipite ku damu. Tinanyamula mbale za mitundu itatu: TSA yokhala ndi magazi a nkhosa 5%, Columbia CNA, ndi Shieh pang'ono. CNA ili ndi colistin ndi nalidixic acid, mankhwala oletsa mabakiteriya ambiri a Gram-negative, choncho imapereka malo kwa tizilombo ta Gram-positive tochedwa kumera. Shieh tinaitengera Flavobacterium columnare, bakiteriya wa matenda a columnaris, amene samera bwino pa agar yonona.

Madzi anatiuza zawo tisanagwire nsomba. Masana kutentha kunkapitirira madigiri 30, pamwamba ndi pansi chimodzimodzi chifukwa madamu anali osaya. Mkono ukalowa m'madzi, chikhatho chinkasowa madzi asanafike pachigongono, kusonyeza kuti ndere zachulukitsa. M'bandakucha nsomba zinkadzapumira pamwamba, ndipo choyezera chinatsimikiza kuti okosijeni watsika.

Zakufa zonse tinazisiya. Tinawola zodwala koma zamoyo m'damu lililonse, n'kuwonjezera zingapo zooneka zathanzi ndi tiana tina togulidwa tija. Nsomba zathanzizo musamazisiye, anzanga. Popanda izo simungathe kunena kuti chimene mwapeza m'zodwala ndi chachilendo.

Tebulo tinaliika pansi pa mtengo wa mango, mbaula ya sipiriti titaitchinga ndi katoni kuti mphepo isazime moto. Nsomba tinkaipha ndi mafuta a clove ochuluka m'ndowa. Choyamba tinkapala mamina a pakhungu ndi kudula kachidutswa ka ziwalo zopumira, n'kuyang'ana m'dontho la madzi pa maikulosikopu ya kalilole. Munali Trichodina, kachilombo ka pakhungu la nsomba, koma wochepa, wosakwanira kupha nsomba, ndipo milu ya timitengo tatitali ya columnaris sinaoneke. Kenako tinkapukuta nsomba ndi sipiriti wa 70%, n'kutsegula mimba mosamala kuti lumo lisakhudze matumbo. Matumbo akaboleka, nsomba imeneyo yatha ntchito, tengani ina. Kapamba anali wotupa ndi wakuda, chiwindi chotuwa. Impso yakumutu tinkaiwotcha pamwamba ndi mpeni wotentha, kenako n'kulowetsa loop, kawaya kotolera tizilombo, pamalo owotchawo.

Ubongo ndi umene ambiri amaulambalala, mwina chifukwa kutsegula mutu wa nsomba kumaoneka kovuta. Sikovuta. Ndi mpeni watsopano mumadula chigaza chapamwamba kuyambira kumbuyo kwa maso, n'kuchitukula. M'nsomba zozungulira zija ubongo unali wofiirira m'mbali, wozunguliridwa ndi timadzi tambuu. Titadzala pa mbale, tinadinda kachidutswa ka ubongo pa galasi, tinaumitsa, n'kuthira Gram pomwepo. Pa lenzi ya mafuta munaoneka timipira tapepo, tina tiwiritiwiri, tina tondondozana ngati mikanda pa ulusi, ndipo tina tinali m'kati mwa maselo a nsomba. Mu ubongo wa nsomba zathanzi munalibe kanthu. Njira imeneyi Hans Christian Gram anaifalitsa mu 1884, mtengo wake ndi wochepa, koma madzulo a tsiku lomwelo tinali titadziwa kale mbali yoyang'ana.

Tinasunganso zidutswa za ziwalo mu formalin wa 10% ndi zina mu ethanol wa 95%. Tinayang'ananso EUS, matenda a zilonda obwera ndi nkhungu ya m'madzi ya Aphanomyces invadans, amene anayamba kuoneka m'dera la Chobe ndi Zambezi mu 2006 ndipo anatsimikizidwa ku Mchinji mu 2020. Mchinji sipatali ndi Chifunde, ndipo matendawa ndi oyenera kuwanena kwa akuluakulu a zaumoyo wa ziweto akapezeka. Nsomba zathu zinalibe zilonda zakuya, ndipo mnofu wophwanya pa galasi sunaonetse ulusi wa nkhungu.

Mbale zinayenda zitazondoka m'bokosi la ayisi, ayisiyo atakulungidwa nsalu kuti asazikhudze. Siziyenera kuundana, komanso siziyenera kuphikika m'galimoto.

Zimene zinamera

Mabakiteriya a nsomba za m'madzi otentha timawameretsa pa madigiri 28. Mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 40, moti ntchito imakhala yotsitsa kutentha. Incubator wamba, bokosi lomeretseramo mbale, amangodziwa kutenthetsa, ndipo m'chipinda chotentha sangatsike kufika 28. Wathu tinamuika m'chipinda chozizira, choyezera kutentha chili m'kati. Mbale zina za ubongo womwewo tinaziika dala pa 37 kuti tiyerekeze.

Patatha maola 24, mbale za pakhungu zinali zitadzazanso Aeromonas. Za ubongo zinkaoneka zopanda kanthu. Apa ndi pamene mbale zambiri zimatayidwa, lipoti n'kulembedwa kuti palibe chamera. Patatha maola 48, tikapendeketsa mbale pa kuwala, munali timakoloni totuwa tosafika milimita imodzi, ta mtundu umodzi wokha, pa TSA ndi pa CNA pomwe. Tinamera kuchokera mu ubongo wa nsomba zonse zozungulira, ndi mu impso za zambiri mwa izo. Ubongo wa zazikulu zathanzi sunamere kanthu. Mbale za pa 37 zinakhalabe mbee.

Gram inabwerezanso timipira tapepo tondondozana. KOH wa 3% sanatulutse ulusi, kutsimikiza kuti ndi Gram-positive. Oxidase sinasinthe mtundu. Catalase tinaiyeza titasamutsira tizilomboto pa agar yopanda magazi, chifukwa maselo ofiira a magazi amatulutsa thovu paokha ndipo anganamize munthu. Thovu silinabwere. Apa tinadziwa kuti si Staphylococcus, tili m'banja la Streptococcus ndi abale ake.

Chotsatira chinabweretsa mkangano wabwino. Timakoloni tija sitinasungunule magazi, ndipo CAMP, imene timayeza podutsanitsa mzere wa tizilombo ndi wa Staphylococcus aureus, sinatulutse mutu wa muvi. Mnzanga wina wa zaka zambiri pa masampulo a amayi apakati anati, "Achimwene, ameneyu sangakhale agalactiae. Agalactiae amasungunula magazi, CAMP amaionetsa, ndipo pa 37 amamera usiku umodzi." Ankanena zoona za agalactiae wa anthu. Koma mwa mitundu imene imagwira tilapia muli serotype Ib, imene siisungunula magazi, nthawi zambiri siionetsa CAMP, imachedwa kumera ndipo imavutika pa 37. Amene atsata tchati cha chipatala chokha amamutaya ameneyu.

Tinapitiriza ndi zoyeza zitatu. PYR sinafiire, pamene S. iniae ndi L. garvieae onse amaifiiritsa. Bile esculin sinade, pamene L. garvieae ndi Enterococcus amaidetsa. Pomaliza tinayeza magulu a Lancefield, amene amasiyanitsa mitundu ya Streptococcus, pogwiritsa ntchito latex, ndipo dontho la gulu B lokha ndi limene linaundana timibulu. S. iniae salowa m'gulu lililonse la Lancefield. Tinalemba Streptococcus agalactiae, gulu B, wosasungunula magazi. Tizilombo tina tinatisunga mu glycerol m'firiji youndanitsa, tina tinatumiza ku labotale yaikulu ku Maputo, kumene anatsimikiza dzinalo powerenga jini ya 16S rRNA. Njira ya 16S imagwira bwino pa Streptococcus, koma pa Aeromonas siisiyanitsa bwino mitundu, pamafunika majini ena monga gyrB kapena rpoD. Ndi chifukwa chake dzina la hydrophila la pa API lija ife tinalifupikitsa kukhala Aeromonas basi. Makadi amenewo anapangidwira tizilombo ta anthu pa kutentha kwa thupi la munthu.

Mu impso za tiana tina togulidwa tija munamera timakoloni tochepa ta kachilombo komweko, ngakhale tinkaoneka tathanzi. Amayi ena anafuna kuti lipoti litchule wogulitsa uja. Tinakana. Tianato tinali titakhala milungu ingapo m'madzi amodzi ndi zodwala, choncho mbale sikanatha kusonyeza amene anapatsira mnzake. Tinangolemba kuti nsomba zatsopano zinalowa popanda kupatulidwa, ndi kuti matenda anayambira m'damu limene zinalowa.

Madzi ndi mantha a kolera

Kolera ya 2023 inali idakali m'mitima ya anthu, ndipo m'mudzi munayamba mphekesera yoti madamu ali ndi kolera. Amfumu ndi wazaumoyo wa m'deralo anatipempha kuyeza madzi, popeza amayi amachapa kumunsi kwa damu lachitatu. Tinatunga m'mabotolo ophikidwa mu autoclave, pansi pang'ono pa nkhope ya madzi, kukamwa kwa botolo kutaloza kumene madzi akuchokera, n'kusiya kampata ka mpweya. Madzi otere ndi bwino kuwayamba pasanathe maola 6, ndipo asagone kupitirira tsiku.

A mumtsinje tinasefa mamililita 100 pa sefa ya mabowo a 0.45 µm. A m'damu tinayamba tawasungunula, apo ayi ndere zimatseka sefa. Pa m-FC, mbale yoonetsa mabakiteriya a m'ndowe, pa madigiri 44.5, kumunsi kunamera makoloni abuluu ambiri, zosadabwitsa pa madzi othiridwa manyowa a nkhuku. Pofufuza kolera tinathira madzi mu alkaline peptone water ya pH 8.6 kwa maola 6 mpaka 8, n'kutenga pamwamba pake kudzala pa TCBS. Kunamera makoloni achikasu, monga amamerera Vibrio cholerae, kachilombo ka kolera. Munthu wothamanga akanaimba foni pomwepo, mudzi wonse n'kugwedezeka. Koma Aeromonas wina amameranso wachikasu pa TCBS, ndipo oxidase amaionetsa mofanana ndi Vibrio. Tinasamutsira pa nutrient agar, chifukwa oxidase siyezedwa kuchokera pa TCBS. Mu sodium deoxycholate wa 0.5% ulusi sunatuluke, kadisiki ka O/129 sikanawaletse kumera, ndipo antiserum ya O1 sinaundane. O/129 yokha sindiidalira, popeza kuli Vibrio cholerae amene saletsedwa nayo, koma zitatuzi pamodzi zinagwirizana kuti ndi Aeromonas. Amfumu tinawauza kuti m'madzi amene tinayeza simunapezeke kachilombo ka kolera, koma madziwo ali ndi zonyansa za ndowe, ndipo osamwa asanawiritsidwe kapena kuthiridwa Certeza, mankhwala a klorini oyeretsera madzi.

Zimene tinasankha

Tinayeza mankhwala pa Mueller-Hinton ya magazi a nkhosa, tizilombo titasungunulidwa kufika 0.5 McFarland, pa madigiri 28. Amoxicillin, erythromycin, florfenicol ndi oxytetracycline yemwe anasiya malo aakulu oyera, kusonyeza kuti amaletsa kachilomboka kumera. Tinalemba mamilimita okha, chifukwa matebulo a chipatala anapangidwira kutentha kwina. Ngakhale zinali choncho, sitinalangize mankhwala. Nsomba yodwala Streptococcus sidya, choncho mankhwala a m'chakudya amakadyedwa ndi zathanzi. Oxytetracycline wothira m'madzi amagwidwa ndi calcium, magnesium ndi matope, ndipo wotsalayo amatsikira kumtsinje kukazoloweretsa mabakiteriya ena. Matendawa amakondanso kubwerera mankhwala akangotha ngati madzi akadali otentha. Ndalama za amayi aja zikanangothera m'matope kachiwiri.

Tinapangana zosiya kudyetsa masiku angapo, kenako kupereka theka la chakudya m'mawa dzuwa lisanakwere. Manyowa anasiyiratu. Zakufa ndi zozungulira ankaziwola m'mawa ndi madzulo n'kuzikwirira m'dzenje lakuya lothira laimu, kutali ndi mtsinje, chifukwa nsomba zikamadya mnzawo wakufa ndi pamene kachilomboka kamafala kwambiri. Damu lililonse linakhala ndi ukonde ndi ndowa zakezake. Mbali imodzi ya damu anaimangira mthunzi wa udzu, ndipo anyamata anakonza ngalande kuti madzi ochepa omwe analipo azilowa.

Zakufa zokha tinaletsa kudya, kuyanika kapena kugulitsa. Mu 2015 ku Singapore anthu ambiri anadwala S. agalactiae wa mtundu wa ST283 atadya nsomba za m'madzi opanda mchere zosaphika. Kuno nsomba timaiphika, ndipo moto umapha kachilomboka, komabe wa bala m'manja tinamuuza kuti asatumbule nsomba. Kukolola tinakuimitsa milungu itatu kuchokera tsiku lomaliza kuthira oxytetracycline, kuti mankhwalawo athe m'thupi la nsomba. Mawerengedwe amene ambiri timatsata ndi oti kutentha kwa madzi kuchulukitsa ndi masiku kufike 500, ndiye pa madigiri 30 ndi masiku pafupifupi 17.

Povuta panali pa nsomba zopulumuka. Wapampando anati, "Mwanangu, izi zalimbana nawo matenda n'kupambana. Bwanji tisunge za mbewu? Ndalama yogulira zina tiitenga kuti?"

"Amayi, zapulumukadi, koma zina mwa izo zasunga kachilomboka m'thupi. Kukazizira zikhala bwino. Kukadzatenthanso chidzayambiranso, ndipo ana a nsombazo adzatengera."

Funso lawo la ndalama linali lomveka, ndipo labotale inalibe yankho lake. Pamaso pa amfumu anagwirizana kuti madamu awiri akumtunda akololedwe onse, koma lakumunsi lisunge zopulumuka. Ine ndinapempha chimodzi chokha, kuti likhale lakumunsi ndithu, popeza madzi ake sabwerera kumtunda.

Zotsatira

Imfa zinachepa m'milungu iwiri yoyamba, ndipo zinaleka mvula itagwa madzi n'kuzizira. Madamu awiri aja anakololedwa, anaphwetsedwa, n'kuthiridwa laimu wamoto pa matope akadali onyowa. Anakhala opanda nsomba dzinja lonse, zimene zinawawa kalabu kwambiri. Mvula itatha anawasiya aume mpaka nthaka inang'ambika, n'kuwakumba kufika mita imodzi ndi theka kumbali yakuya. Tiana tatsopano tinakhala milungu itatu m'kadamu kapadera tisanalowe.

Chilimwe chotsatira, mu Novembala, nsomba za m'damu lakumunsi zinayambanso kuzungulira. Mlangizi uja sanatole zakufa. Anawola zodwala zamoyo, anatsegula mitu yekha, anadinda ubongo pa magalasi ndi kudzala pa mbale za CNA zimene tinamusiyira, n'kuzitumiza m'bokosi la ayisi. Pa maola 48 panamera timakoloni tomwe tija, tosasungunula magazi, PYR yosafiira, gulu B. Nsomba zimene anatenga m'madamu awiri akumtunda sizinamere kanthu mu ubongo kapena mu impso, ndipo madamu amenewo anakololedwa pa nthawi yake. Kalabu inakolola zotsala za kumunsi sabata yomweyo popanda kugula mankhwala, n'kuthira laimu damulo.